Kumasulira Nyimbo Kuti Iyimbike: Kuchokera kwa Schubert Kufika ku Makwaya a ku Katete, Sinda ndi Vubwi

Kumasulira nyimbo kuli pawiri. Pali kumasulira kothandiza womvera kudziwa zimene nyimbo yachilendo ikunena, ndipo pali kumasulira kofuna kuti mawu atsopano alowe m'chuni chakale n'kuyimbika. Koyambako n'kwa maso: womasulira akhoza kutalikitsa mzere mmene angafunire, bola tanthauzo limveke. Kwachiwiriku n'kwa pakamwa, ndipo mwini bwalo ndi chuni. Chuni chimawerengeratu maphatikizo, chimasankhiratu pogunda mwamphamvu, pokwera, potsika ndi popumira woyimba. Womasulira amakhala ngati kalipentala amene wapeza felemu itamangidwira kale m'khoma. Chopalidwa ndi chitseko, khoma silisuntha.

Vutoli limaonekera bwino pa nyimbo za Chijeremani zotchedwa Lieder. Izi ndi ndakatulo zimene wopeka anaziveka chuni kuti aziyimba munthu mmodzi motsagana ndi piyano. Franz Schubert wa ku Vienna, amene anabadwa mu 1797 n'kumwalira mu 1828 ali ndi zaka 31 zokha, anasiya nyimbo zotere zoposa 600. Robert Schumann anapeka zoposa 100 m'chaka chimodzi cha 1840, zina pa ndakatulo za Heinrich Heine. Johannes Brahms ndi Hugo Wolf anatsata m'mapazi awo. M'nyimbo zimenezi ndakatulo ndiyo inayamba, chuni chinabwera pambuyo chikulondola liwu ndi liwu. Mlakatuli akamanena za mtsinje, piyano imayenderera ngati madzi. Akatchula ululu, chuni chimakwera kapena kutembenuka pa liwu lenilenilo. Womasulira akalisuntha liwulo n'kuliika patsogolo kapena pambuyo, chuni chimalira pamene palibe maliro.

Chitsanzo chomveka ndi Erlkönig, ndakatulo ya Goethe imene Schubert anaipekera chuni mu 1815 ali ndi zaka 18. Bambo akuthamanga pa hatchi usiku atafungatira mwana wake, ndipo chimzimu cha m'nkhalango chikumunyengerera mwanayo. Woyimba mmodzi amasenza mawu a anthu anayi: wofotokoza nkhani, bambo, mwana ndi chimzimucho, pamene piyano ikugunda mosalekeza ngati ziboda. Pofika kumapeto piyano imaima, woyimba amanena mzere womaliza ngati akungolankhula, amapuma pang'ono, kenaka m'maphatikizo awiri okha amaulula kuti mwana uja palibenso, ndipo mphamvu yonse imagwera pa phatikizo lomalizalo. Chingerezi chinachita mwayi, chifukwa liwu lake lonena za imfa lilinso ndi phatikizo limodzi ngati la Chijeremani. Mchewa angati "wafa", maphatikizo awiri ndithu, koma iye amagunda pa wa- pamene chuni chikugunda pa -fa. Komanso za mwana amene ali m'manja mwa bambo wake, pakamwa pa Mchewa pamabwera "wamwalira" kapena "watisiya", ndipo onsewa ndi maphatikizo anayi. Manotsi awiri okha akufuna kuti womasulira asankhe pakati pa ulemu, tanthauzo ndi kagundidwe.

Angerezi akhala akulimbana ndi nyimbozi kwa nthawi yaitali. Mu 1924 A. H. Fox Strangways ndi woyimba Steuart Wilson anatulutsa buku la nyimbo za Schubert zomasuliridwa kuti ziziyimbidwa m'Chingerezi. Ena amakana ntchito yotere, amati nyimbo iyimbidwe m'Chijeremani momwemo, womvera aziwerenga tanthauzo papepala. Ena amati ndakatulo imene munthu akuiwerenga chowerama pamene woyimba ali patsogolo pake siimufika pamtima pa nthawi yake. Mbali yachiwiriyi ili ndi mfundo yolimba, pakuti Schubert anapekera anthu omva mawuwo pomwepo. Ngakhale Chijeremani ndi Chingerezi zili pachibale, sizigwirizana msanga. Mawu ambiri a Chijeremani ali ndi maphatikizo awiri, loyamba lamphamvu, lachiwiri lofewa, monga Liebe, chikondi, ndi Sonne, dzuwa, pamene anzawo a Chingerezi ali ndi phatikizo limodzi. Womasulira amatsala ndi notsi yopanda chonyamula, n'kuyamba kudzazamo timawu topanda ntchito. Peter Low wa ku yunivesite ya Canterbury ku New Zealand anayerekeza ntchitoyi ndi mpikisano wa masewera asanu: kuyimbika, tanthauzo, kumveka mwachibadwa, kagundidwe, ndi kufanana kwa mathero a mizere. Wopambana si wochita bwino pa amodzi okha, koma wosagwa pa ena alionse.

Nthawi zina anthu amangosiyiratu mawu akale. Nyimbo ya Schubert yodziwika ndi dzina la Ave Maria inachokera m'ndakatulo ya Chingerezi ya Walter Scott, The Lady of the Lake. Adam Storck anaimasulira m'Chijeremani, Schubert anaipekera chuni mu 1825, ndipo pambuyo pake anthu ena anachotsa mawuwo n'kuikamo pemphero la Chilatini la Tikuoneni Maria. Kumeneku si kumasulira, ndi kubwereka chuni, ndipo m'matchalitchi zachitika kambirimbiri.

Kum'mawa kwa Zambia ntchitoyi inafika kudzera m'nyimbo za m'tchalitchi. Amishoni a Dutch Reformed ochokera ku Orange Free State anatsegula Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899, Madzimoyo mu 1903, ndi Nyanje, imene lero ili m'boma la Sinda, mu 1905. Mpingo wa Reformed Church in Zambia unakula kuchokera pamenepo. Anzawo a ku Mvera ndi ku Nkhoma, kutsidya kwa malire ku Malawi, anali atayamba kale kulemba m'Chinyanja, ndipo Buku Lopatulika, limene William Murray anatsogolera kumasulira kwake, linatuluka lathunthu mu 1922. Choncho chilankhulo cha m'buku chinali chimodzi mbali zonse ziwiri, ndipo Ansenga a kufupi ndi Nyanje ndi Angoni a kwa Mpezeni anaphunzira kuyimbira Mulungu m'Chinyanja ngakhale pakhomo ankalankhula zina. Akatolika a ku Chassa ndi ku Vubwi, Aanglikani a ku St Francis ku Katete, ndi mipingo ya Lutheran Church of Central Africa, aliyense anadza ndi thumba lake la nyimbo. Zambiri za m'buku la Nyimbo za Mulungu zinachokera ku Scotland, ku England ndi m'mabuku a Ira Sankey wa ku America. Za Chijeremani kawirikawiri zinayamba zadzera m'Chingerezi, m'manja mwa omasulira monga Catherine Winkworth, amene anatulutsa Lyra Germanica mu 1855 ndi The Chorale Book for England mu 1863. Nyimbo yotere ikamafika m'Chinyanja inali itawoloka kale mtsinje umodzi n'kutayako katundu wina. Pambali pa m'mishoni aliyense panali aphunzitsi ndi alaliki a m'mudzi, amene ankauza mzungu mawu amene akumveka ndi amene sakumveka.

Chopinga choyamba chimene anakumana nacho ndi kutalika kwa mawu. Liwu lotanthauza Mulungu m'Chijeremani ndi m'Chingerezi lili ndi phatikizo limodzi, m'Chichewa atatu. Chikondi atatu, chisomo atatu, chipulumutso asanu, chikhululukiro asanu ndi limodzi. Nyimbo zambiri za Chingerezi zimayenda pa muyeso wa 8.6.8.6, ndiye kuti mizere inayi ya maphatikizo 28 onse pamodzi. M'menemo Mngerezi amalonga mawu oposa 20, pamene Mchewa kawirikawiri amathera pa theka lake. Palibe luso limene lingalowetse thumba lonse la chimanga m'chidebe. Womasulira ayenera kusankha ganizo limodzi la ndimeyo n'kulola enawo atsale. Nyimbo ya Khrisimasi imene Joseph Mohr analemba ndipo Franz Xaver Gruber anaipekera chuni mu 1818 ku Oberndorf, pafupi ndi Salzburg, imayamba ndi manotsi anayi amene wophunzira solofa aliyense amawadziwa: so, la, so, mi. M'Chijeremani muli mawu awiri a maphatikizo atatu, onena za usiku ndi bata lake, ndipo phatikizo loyamba limakokedwa pa manotsi awiri. M'Chichewa liwu loti usiku lokha lamaliza atatuwo. Womasulira angapatse notsi iliyonse phatikizo lake kuti apeze anayi, koma bata lija liyenerabe kudikira malo m'chigawo chotsatira.

Chopinga chachiwiri n'chobisika, koma ndicho chachikulu. M'Chichewa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto ndilo limatalika ndi kumveka mwamphamvu, makamaka pothera chiganizo: chiKOndi, MuLUngu, tiyaMIke. Mawu amathera pofewa. Machuni ambiri a Chingerezi amayamba pofewa n'kuthera pamphamvu, pa notsi yaitali. Mzere wongopeka woti "Mvula yagwa, tiyamike" uli ndi maphatikizo asanu ndi atatu, ndipo pa chuni choyamba mwamphamvu umayenda ngati kulankhula. Pa chuni choyamba pofewa umasanduka mvuLA yaGWA tiYAmiKE. Maphatikizo akwanira, kwaya ikhoza kuuyimba mosaphonya notsi, koma khutu likumva mlendo amene waphunzira Chichewa m'buku. A. M. Jones, m'mishoni wa Anglikani amene anaphunzitsa zaka zambiri ku St Mark's College ku Mapanza, analemba za vuto lomweli m'nyimbo za m'matchalitchi a mu Africa, ndipo buku lake la African Hymnody in Christian Worship linatuluka mu 1976. Mankhwala oyamba ndi kusanja mawu mwatsopano. "Yafika mvula kwathu kuno" ukuyamba pofewa, kugunda kulikonse kukugwera pamalo pake, koma maphatikizo afika asanu ndi anayi. Apa Chijeremani chili pafupi ndi Chichewa kuposa Chingerezi, chifukwa machuni ake ambiri ali ndi mizere ya maphatikizo 7 kapena 9 yothera pofewa, ndipo mzere wotere umakhalamo bwinobwino.

Pamene chuni chinkaumirira kuthera pamphamvu, omasulira akale anapeza njira ziwiri. Yoyamba inali kudula: Mulungu kukhala Mlungu, Ambuye kukhala Mbuye, Atate kutaya a- wake woyamba. N'chifukwa chake masamba a mabuku a nyimbo ali ndi timikwingwirima tambiri tosonyeza lembo lomezedwa. Yachiwiri inali kumata kachidutswa kumapeto, monga -tu, -di, -wo, -yo kapena -no, kuti notsi yomaliza ipeze chokhalapo. Mzere uja ungakhale "Yafika mvula lerotu". Njirayi siyoipa payokha, pakuti Mchewa amanenadi lerotu akamatsindika. Imatopetsa pamene mizere itatu mwa inayi ikuthera ndi -tu popanda chotsindika chilichonse, ndipo kudula kumafika poipa pamene mwana wa Sande sukulu ayimba mawu kwa zaka osadziwa kuti ndi mawu ati. Komabe anthu amene anachita ntchitoyi sayenera kunyozedwa. Anali oyamba, analibe wowalambulira njira, ndipo zambiri zimene anasiya zikuyimbidwa mpaka lero.

Pali nkhaninso ya kukweza ndi kutsitsa liwu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa mofanana, amasiyana pakamwa pokha. Chimodzimodzi khungu la pathupi ndi khungu la maso. Zimafika ngakhale pa nthawi ya mneni. Akati "amatikonda", Mchewa amamva ndi liwu lokha ngati chikondicho chilipobe kapena chinali cha kale: pokweza a- woyamba, ndiye kuti chilipobe. Chuni chachilendo sichidziwa zimenezi, chimakwera ndi kutsika mwa icho chokha. Vutoli lisakulitsidwe kuposa msinkhu wake, chifukwa mawu oyandikana nawo amathandiza womvera, ndipo palibe amene amatuluka m'tchalitchi akuganiza kuti Mulungu analeka kukonda anthu. Koma pamene chuni chikuyenda motsatira liwu la kulankhula, mawu amamveka ngakhale kwa gogo wokhala kumbuyo, ndipo womasulira wosamala amayesetsa kuti liwu lofunika kwambiri mu mzere lisapotozedwe.

Chichewa chili ndi mphatso zakenso. Mavawelo ake ndi asanu oyera, ndipo mawu amathera pa vawelo, kotero woyimba akhoza kukoka notsi pakamwa pali potseguka, osavutika ndi mulu wa makonsonanti umene umatseka mawu a Chijeremani ndi Chingerezi. Chofunika n'kukumbukira kuti notsi yokwera kwambiri imakoma pa a kuposa pa i kapena u. Amayi a soprano amadziwa zimenezi ndi kukhosi kwawo. Kufananitsa mathero a mizere, kumene Azungu amakutayira thukuta, m'Chichewa n'kotchipa, popeza aneni pafupifupi onse amathera ndi -a. Kukoma kwa mzere wa Chichewa kuli kutsogolo kwa mawu, m'kugwirizana kwa chi-, cha-, cho- kapena ti-, ta-, to-, ndi m'kubwereza. Womasulira amene wataya tanthauzo pofuna kuti mathero afanane wagula chinthu chimene omvera ake sanachipemphe.

Mphatso yaikulu kuposa zonse, imene mabuku akale a nyimbo sanaigwiritse ntchito mokwanira, ndi amvekero: zii, phee, bii, mbee, ngwee, myaa. Ambiri ali ndi phatikizo limodzi lamphamvu lokokeka, ndiye chenicheni chimene chuni chothera pamphamvu chikufuna. Mzere wa mvula uja ukhoza kukhala "Yafika mvula, kunja bii", maphatikizo asanu ndi atatu, n'kutsatidwa ndi "mitima ili phee", asanu ndi limodzi. Palibe chodulidwa, palibe chomatidwa, kugunda kulikonse kuli pamalo pake, ndipo mtambo wakudawo ukuoneka ndi maso. Mvekero umachita m'phatikizo limodzi ntchito imene Chingerezi chimachita ndi mawu atatu kapena anayi, motero umabweza ena mwa malo amene mawu aatali anadya. Ernst Wendland wa ku seminale ya Lutheran ku Lusaka, amene anagwira nawo ntchito yomasulira Buku Loyera, walemba zambiri zosonyeza mphamvu ya amvekero ndi ya kalembedwe ka ndakatulo za Chichewa pomasulira Masalimo. Anthu ena amaona ngati amvekero ndi mawu a pamtondo osayenera m'nyumba ya Mulungu. Maganizo amenewo ndi olakwika. Mlaliki wabwino aliyense wa ku Katete amawagwiritsa ntchito pa guwa, ndipo mpamene mpingo umavomera.

Tanthauzo nalo lili ndi misampha yake. Winterreise, nyimbo 24 zimene Schubert anapeka mu 1827 pa ndakatulo za Wilhelm Müller, ndi ulendo wa munthu wokanidwa chikondi akuyenda m'chipale chofewa chimene chimagwa ku Ulaya nyengo yozizira. Buku Lopatulika linagwiritsa ntchito liwu loti matalala pofuna kuonetsa kuyera kwa chipalecho, ndipo pa kuyera linakhoza. Koma matalala amagwa ndi mkokomo, amaboola masamba a fodya ndi chimanga, pamene chipale cha m'nyimbozi chimagwa mwakachetechete n'kukwirira njira. M'nyimbo ina muli mtengo wa linden woima pachitsime, umene munthuyo amaukumbukira ngati malo a mpumulo. Kwa Mchewa ntchito imeneyo ndi ya kachere wa pabwalo. M'nyimbo ya Schubert ndi bwino kusunga dziko lachilendolo, chifukwa piyano ikujambula dziko lomwelo. M'nyimbo ya mpingo wonse, imene anthu ayenera kuinena ngati pemphero lawo, chithunzi chakwawo chimaposa. Khrisimasi ya ku Vubwi imafika mvula ikugwa, chimanga chili chobiriwira, anthu ali pa kupalira. Ulemu nawo umadya maphatikizo. Mjeremani amalankhula kwa Mulungu ndi kwa bambo wake ndi liwu lomwe amaitanira mnzake wapamtima. Mchewa sanena iwe kwa Mulungu kapena kwa kholo, amati Inu, Atate, Ambuye. Mwana wa mu Erlkönig, ngakhale mantha atamugwira chotani, m'Chichewa adzati "simukumva kodi", osati "sukumva".

Ena ataona zopinga zonsezi anasankha kutembenuza ntchito: mawu ayambe, chuni chibadwe kuchokera m'mawuwo, monga anachitira Schubert mwiniwake. Kumpoto kwa Malawi, Donald Fraser wa ku Embangweni analimbikitsa Angoni ndi Atumbuka kupeka nyimbo pa machuni akwawo, ndipo anthu monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anasiya nyimbo zimene zili m'buku la Sumu za Ukristu. Patapita zaka Tom Colvin wa ku Scotland anamasulira zina za ku Malawi m'Chingerezi, ndipo ulendo uno Chingerezi ndicho chinkapalidwa kuti chilowe m'felemu. Kwa Akatolika chitseko chinatseguka mu 1963, pamene Msonkhano Wachiwiri wa Vatican unalola zilankhulo ndi mayimbidwe a eni dziko pa Misa, ndipo ng'oma inalowa m'matchalitchi a dayosizi ya Chipata. Maziko a mayimbidwe amenewa amamveka ku Mkaika mwezi wa August, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, pamene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakumana: mmodzi amayambitsa, gulu limavomera, mzere ndi waufupi ndipo umabwerezedwa, chuni chimayamba pamwamba n'kumatsika monga chiganizo cholankhulidwa. Amayi ovina chitelele sawerenga maphatikizo, koma saphonya pogunda.

Izi sizinathetse kumasulira. Makwaya a lero amatenga nyimbo za Chingerezi, Chizulu, Chiswahili ndi Chibemba pa wailesi ndi pa foni, ndipo madzulo a tsiku lophunzira kwayamasitala amakhala ndi kope ndi cholembera akuziika m'Chichewa. Nyimbo zakale n'zovuta kuzikhudza. Pa maliro, amayi a Chigwirizano akamachezera usiku wonse, amayimba opanda buku, ndi ma -tu ake onse, ndipo mawuwo ndi omwe anaperekeza makolo awo kumanda. Wofuna kuwakonza ayenera kuyenda mofatsa, n'kuyamba ndi okhawo amene sakumvekanso. Pa nyimbo yatsopano mpamene pali ufulu. Womasulira amayamba wayimba chuni pa solofa mpaka chitakhazikika, akuomba m'manja pogunda. Kenaka amanena ganizo la ndimeyo m'Chichewa cha tsiku ndi tsiku, buku atalitseka. Amapeza notsi yokwera kapena yaitali kuposa zonse n'kuikapo liwu lofunika kwambiri, ndipo mawu ena amasanjidwa mozungulira limenelo. Amaonetsetsa kuti popumira pasadule liwu pakati. Akatero amaulankhula mzerewo mokweza, akugunda monga chuni chikugundira, kuti amve ngati munthu wa m'mudzi angaunene choncho. Muyeso womaliza umachitika kwaya yonse ikuyimba, soprano, alto, tenala ndi besi: munthu mmodzi amene sanaonepo mawuwo amaima panja pa zenera ndi pepala, n'kulemba zimene akumva. Mzere umene walemba molakwika kapena wausiya umabwerera m'kope kukakonzedwanso.